Kadontho M'munda wa Mpunga

Mapu akale amanunkha chinyezi ndi ndowe za mphemvu, koma Zaina anali atazolowera fungolo mpaka kuleka kuyetsemula. Ntchito yake, m'kachipinda ka lendi ku Liwonde, inali kuyala mapuwo pa galasi la sikana, makina ojambula pepala n'kulilowetsa m'kompyuta. Mapuwo anasindikizidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo anthu ofufuza za nyanja ya Chiuta ankafuna kuwasanjika pa zithunzi zamakono zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, kuti aone kumene madzi athawa ndi kumene abwerera. Kuti pepala lakale ligone bwino pa chithunzi chatsopano, umasankha zinthu zomwe sizinasunthe, monga phiri kapena thanthwe, n'kuzilumikiza mbali zonse ziwiri. Muofesimo ankati kukhoma misomali.

Abale ake ankaseka kuti mwana wopita ku koleji wakathera posisita mapepala odyedwa ndi chiswe. Amene sanaseke nawo anali amjomba ake okha, a Abdulwahab, mlongo wa malemu mayi ake.

A Abdulwahab ankakhala chikamwini ku Rivirivi, koma anabadwira kwa Likwanya, m'mbali mwa Chiuta. Mayi awo anamwalira iwo asanapite n'kujando komwe, ndipo wachibale wina anawatenga kukawalera ku Balaka. Pobwerera ndevu zitamera, anapeza kuti nyanja inasefukirapo, mitengo yakale inauma n'kuthera kowambira nsomba, ndipo manda a mayi awo aliyense ankaloza kwake. Kwathu kuno manda a Chisilamu ndi kamtumbira ndi kanthambi basi, madzi akadutsa sasiya chizindikiro. Tsopano miyendo inali itatupa, mpweya ukuvuta, ndipo achipatala anali atawabweza kuti azikamwera mankhwala kunyumba. Aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Zaina atapita kukawazonda, anawapeza pakhonde atatsamira pilo.

"Iwe Zaina, akuti uli ndi mapepala a azungu oonetsa dziko mmene linalili kale?"

"Eya, amjomba."

"Manda ankalemba?"

"Ena analemba, ena iyayi."

"Ndiye undifunire amayi anga. Kuno ndalima, ndabereka, anthu ake andisunga bwino, koma ndine mkamwini. Sindigona kuno. Amayi ndinawasiya ndili mwana, ndipo ndikufuna ndikagone pambali pawo. Usachedwe, waona wekha mmene ndililimu."

Zaina anabwerera ku Liwonde mtima uli wolemera. Anafukula mulu wa mapu mpaka anapeza pepala la kwawo, lothothoka m'mphepete, lopindika pakati. Dzina la Likwanya linalipo, lolembedwa mokhota ndi mzungu amene analimva ndi khutu limodzi. Panali kachizindikiro ka mzikiti, ndipo cha kumpoto kwake, kachizindikiro ka manda. Kwa Likwanya kuli mizikiti iwiri: wanjerwa womangidwa posachedwa, ndi wina umene mwana aliyense amautcha mzikiti wakale. Zaina sanaganize kawiri. Anakhoma msomali wake pa mzikiti wakalewo, ndipo kadontho ka manda kanagwera pangodya ya manda a masiku ano, pomwe pali mkuyu waukulu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo analibe mjomba wodwala. Zaina anaimba foni nthawi yomweyo. Kumbali inayo anamva nkhalamba ikulira ngati mwana, ikuitana akazi awo kuti auze anyamata apeze galimoto. Ankafuna kukaona malowo ndi maso awo asanatseke.

M'mawa mwake Elliam, amene ankayendera ntchito ya Zaina isanatumizidwe, anakhala pa kompyuta akukukuta mtedza. Anali munthu wosafulumira, wotopetsa kugwira naye ntchito, amene akhoza kuyang'ana mzere umodzi mpaka tiyi kuzizira.

"Achemwali, msomali uwu mwaukhoma pa chiyani?"

"Pa mzikiti. Ndi kwathu kumeneko, ndikuudziwa."

"Ndiye phiri lakwanu layenda. Taonani apa. Chipilala cha opima malo chili pamwamba pa phiri pa mapu, koma pa chithunzi chagwera m'chimanga cha munthu. Pakati pa phiri ndi mzikiti, china chinasamuka, ndipo ine sindinamvepo phiri likusamuka."

Anazula msomali wa Zaina n'kukhoma ina: pa chipilala, pa thanthwe la kudoko, pa chisumbu cha m'nyanja. Pepala lakale linatembenuka pang'ono n'kugona bwinobwino, chilichonse pamalo pake. Kadontho ka manda kanachoka pa mkuyu, kanatsetserekera kudambo, n'kukaima pakati pa munda wobiriwira wokhala ndi chulu pangodya. Zaina anauzindikira mundawo. Chulu chimenecho anakhalapo kambirimbiri ali mwana, akuingitsa mbalame. Unali munda wa mpunga wa malemu mayi ake, umene tsopano ankalima mkulu wake Ayisha.

Anapempha tchuthi n'kutsogola kumudzi amjomba asanafike. Anakamupeza Ayisha m'mundamo, madzi m'akakolo, akuzula udzu. Mwamuna wa Ayisha anapita kukapha nsomba tsidya la Mozambique zaka zapitazo ndipo mpaka lero akuphabe. Ana onse ankadya, kuvala ndi kuphunzira kuchokera m'matope amenewo.

Zaina anaonetsa foni n'kufotokoza zonse. Ayisha sanayang'ane n'komwe. Anatsuka manja m'madzi a m'munda n'kukhala pa chulu.

"Mzikitiwo anachita kusenza," anatero. "Gogo wina anandiuzapo tikupuntha mpunga. Madzi atabwera anazula nsichi ndi chitseko n'kukwera nazo kumtunda, dzina lomwe. Kwa iwo unali womwewo, wakale."

"Ndiye mumadziwa, achemwali?"

"Za mzikiti ndimadziwa. Zinazo ndimangoganizira. Chaka china khasu langa linatukula zinthu cha apo. Ndinakwirira, ndinapempha Mulungu andikhululukire, ndipo sindinauze munthu."

"Ndi agogo athu amenewo!"

"Ukuganiza kuti sindikudziwa? Ukuganiza kuti ndimagona bwino?" Mawu a Ayisha anakwera, kenako anatsika poona anthu m'munda woyandikana. "Tamvera, Zaina. Ukatsegula pakamwa, munda uno watha. Palibe angalole khasu pamanda, ndipo palibe angagule mpunga wochokera pano, ngakhale wa m'nkhokwe. Malo ena m'dambo muno kulibe, ukudziwa. Ana angawa azidya mapu?"

"Nanga amjomba? Andituma chinthu chimodzi chokha moyo wawo wonse."

"Amjomba akupita. Awa akukula. Mulungu amadziwa pamene aliyense wagona, safuna kompyuta yako."

Zaina anapsa mtima, koma sanadziwe woti amupsere. Khoswe anali atakhala pamkhate. Anakwiyira mzungu amene anajambula kachizindikiroko, anakwiyira Elliam ndi mtedza wake, ndipo koposa onse anadzikwiyira yekha chifukwa cha foni ija.

Galimoto inafika tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu. Ana aamuna a a Abdulwahab anawanyamula pa mpando wapulasitiki mpaka pansi pa mkuyu. Akazi salowa kumanda, choncho Zaina ndi Ayisha anaima panjira, pafupi ndithu moti ankamva zonse. Nkhalamba inatambasula manja n'kuwerenga duwa, pemphero la Chisilamu, mpweya ukudukiza. Itatha inayamba kulankhula ndi dothi m'Chiyao chimene ku Rivirivi sinkachigwiritsanso ntchito. Inawauza amao ake kuti inakula, inakwatira, ili ndi zidzukulu, ndipo kuti wachibale uja sanaizunze kwambiri. Anyamatawo anayang'ana kumbali.

Kenako a Abdulwahab anatembenuka.

"Zaina, ndi pompano ndithu?"

Ayisha sanamuyang'ane mng'ono wake. Anangomanga chitenje chake mwamphamvu, ngakhale chinali chomanga kale.

"Kompyuta inaloza pamenepo, amjomba."

"Sindikufunsa kompyuta. Ndikufunsa iwe, mwana wa mlongo wanga."

Kuchokera pamene anaima, Zaina ankauona munda uja kumunsi, chulu chili tolotolo pakati pa mpunga. Ankaonanso mwana wamng'ono wa Ayisha akuthamangitsa mbuzi ndi kamtengo.

"Ndi pomwepo, amjomba."

"Alhamdulillah," inatero nkhalamba. Inalozera ana ake malo pafupi ndi muzu wa mkuyu, n'kuwalamula kuti asadzalole munthu kuwanyengerera kuti aiike kwina.

Kunyumba Ayisha anaphika mpunga ndi matemba otendera. A Abdulwahab, amene thupi lawo linali litakana pafupifupi chilichonse, anadya mpaka kupempha wina.

"Mpunga wako uwu, Ayisha, ndi umene wandisunga. Chaka ndi chaka ukanditumizira, akazi anga amadziwa kuti ndidya. Wa m'sitolo sulowa. Uwu umanunkhira kwathu."

Ayisha anathokoza maso ali pansi. Zaina anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo mbale yake inadyedwa ndi ana.

Atabwerera ku Liwonde anapeza pepala la kwa Likwanya likudikira kutumizidwa pa intaneti pamodzi ndi ena, kuti wofufuza aliyense azitha kuliona. Anamupempha Elliam kuti afufute kachizindikiro kamodzi kokha, kakang'ono ngati nsabwe. Elliam anasiya kutafuna.

"Achemwali, ife sitilemba mapu, timangowasamutsa. Tikayamba kufufuta zomwe sizikutisangalatsa, ndiye tikunamiza anthu amene sanabadwe n'komwe. Kodi kakulakwirani chiyani kadonthoka?"

Pepalalo linapita momwemo, kadontho kali m'munda wa Ayisha, kudikira tsiku limene mwana wina wa kwa Likwanya wokhala ndi foni yabwino adzalitsegule. Kuyambira pamenepo foni ikalira Zaina ankadzidzimuka: mwina ndi uthenga wa maliro, mwina ndi munthu amene waona. Kawiri konse anakwera minibasi ya ku Balaka kuti akaulule, ndipo kawiri konse anapeza amjomba akumwetulira pakhonde, akuuza alendo za mwana wa mlongo wawo amene anawapezera mayi awo pa kompyuta. Anangowasenda malalanje n'kubwerera.

Uthenga unabwera m'mawa wina mvula itagwa usiku wonse. Maliro a Chisilamu sagonera, choncho pofika masana lole yonyamula thupi inali itanyamuka kale ku Rivirivi. Koma mvulayo inali itakokolola kamlatho kolowera kwa Likwanya, ndipo lole inazungulira n'kukathera kudoko la nsomba, kumunsi kwa dambo. Kuchokera kumeneko njira yopita kumanda ndi imodzi, yodutsa m'mizere ya pakati pa minda ya mpunga.

Akazi anakhala pabwalo la nyumba ya Ayisha, pamtunda, pomwe dambo lonse limaoneka. Zaina anaona amuna akutsitsa jeneza, chonyamulira maliro, n'kuyamba kukwera nalo. Ankayenda mofulumira monga mwa mwambo, akusinthana mapewa, aliyense kufuna kunyamulako kuti apeze madalitso. Mawu awo otamanda Mulungu ankamveka patali, akukwera ndi kutsika ndi mphepo.

Atafika pamunda wa Ayisha njira inachepa ndipo matope anachuluka. Wina kutsogolo anaterereka, ndipo gulu lonse linaima pafupi ndi chulu kuti ena alowe m'malo. Jeneza linatsika pang'ono, mpaka nsalu yake inakhudza nsonga za mpunga.

Zaina anadzambatuka. Ayisha anamugwira dzanja, zikhadabo zikulowa m'khungu, nayenso misozi inali ikutsika. Zaina anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka sichinali mawu. Amayi ena anamukhazika pansi n'kumamusisita pamsana, akuti mwanayu ankawakonda amjomba ake, ndipo alimbe mtima poti anawachitira chimene anapempha.

Kumunsi kuja amuna anali atakonzeka. A Abdulwahab anakhala pambali pa mayi awo nthawi yongokwanira kusinthana mapewa, kenako anthu anawanyamula n'kupita nawo kumtunda, ku mkuyu.