Mbatata Yogawana ndi Mdani

Mpingo wina wa m'mphepete mwa tauni ya Hageni unapangana kuti Lamulungu lililonse banja lizitenga wophunzira mmodzi wa pakoleji ya aphunzitsi kukadya naye kunyumba, pakuti ana amenewo anali kutali ndi makolo, ndipo ambiri anali atayamba mowa ndi juga. Abusa, munthu wa kunyanja wosadziwa za kumapiri kuno, analamula kuti pasapezeke wofunsa mwana mtundu wake. Lamulolo linali lachikhristu ndithu, koma chifundo chosafunsa chimaponya anthu pamoto.

Mayi Mande anapatsidwa mnyamata wamtali, waulemu, dzina lake Pora. Njira yonse anacheza mokoma atawanyamulira Baibulo. Koma pachipata panali manda a Puri, mlamu wawo, mbale wa amuna awo, amene anabayidwa pankhondo yolimbirana malo ndi anthu a kutsidya kwa mtsinje. Mnyamatayo atawerenga dzina pamtanda, sanayankhulenso.

Amuna a Mayi Mande, a Kerua, anali atafukula kale mumu, ndiyo nyama ya nkhumba ndi mbatata zowotchera m'dzenje la miyala yamoto. Panalinso mng'ono wawo Rumintsi, wosasiyana ndi chikwanje ngakhale pa tsiku la Ambuye, amene analumbira kuti sadzameta ndevu kufikira mwazi wa Puri utabwezedwa.

Atapemphera, Mayi Mande anagawa chakudya pa masamba a nthochi. Pora anangokhala, manja ali pamawondo. Mayiwo anaipidwa, pakuti kunyoza chakudya cha akulu ndi mwano wosafunika kuulekerera. Anamuitanira kuseri kwa nyumba ngati kuti akawathandize kunyamula madzi.

"Iwe, anakulera ndani? Nkhumba imeneyi taphera iwe."

"Amayi, ndikhululukireni," ananong'ona Pora. "Amene anabaya munthu wagona pachipatayo ndi bambo anga aang'ono."

Kumapiri kuno ngakhale mwana amadziwa kuti wodya pamodzi ndi a mtundu umene unapha mbale wake, chipepeso chisanaperekedwe, malemuyo amamukwiyira, mimba nkutupa, munthu nkufa. Pora anakana kudya pofuna kupulumutsa a Kerua. Koma kukana komweko kunali kumuulula, pakuti mwana wa sukulu wanjala sakana nkhumba popanda chifukwa. Kuthawa nakonso kunali kosatheka: njira inali imodzi yokha, yodutsa pamene Rumintsi anakhala.

"Pukuta nkhope," anatero mayiwo. "Nyamula chidebechi, unditsate, ndipo usatsegule pakamwa."

Atabwerera, anapeza Rumintsi akunyambita zala, maso ali pa tsamba losakhudzidwa lija.

"Aphunzitsi, kodi ndinu a Sabata?" anafunsa moseka.

"Ayi, bambo."

"Ndimati kapena. Nanga mbatatayi nayonso ili ndi ziboda?" Anakokera chikwanje pafupi ngati wofuna kudula nyama, koma sanadule kanthu. "Kwanu nkuti, achimwene?"

"Alamu, abusa analetsa funso limenelo," anatero Mayi Mande.

"Abusa ali kwawo, alamu. Pano ndi pa Puri."

Mumtima mayiwo anayesa kupemphera, koma mawu onse a pemphero anawathawa. Anali atamutenga mwana wa eni pakhomo la tchalitchi, pamaso pa mpingo wonse, nabwera naye okha pamalo ophera. Anaona m'maganizo mwazi uli pa masamba a nthochi, nyumba zikuyaka mbali zonse za mtsinje. Anayang'ana amuna awo, ndipo sanabise kanthu m'maso mwawo.

A Kerua anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mnyamata, kenako kuchipata. Nkhope yawo inatuwa ngati phulusa. Anali mkulu wa mpingo, komabe anali ataonapo ndi maso awo munthu wotupa mimba akuikidwa m'manda, ndipo ubatizo suchotsa msanga zimene maso anaona.

Anatambasula dzanja natenga mbatata pa tsamba la Pora. Anaigwira ndi manja awiri nainyema pakati.

"Mwanayu akuopa ndevu zakozo, Rumintsi," anatero. "Ndani angadye atayang'anizana ndi chisa cha makoswe?" Analuma theka lawo, natafuna, nameza movutikira ngati ameza mwala. Theka linalo anapatsa Pora. "Idya, mwanawe. Ndayamba ndine."

Pora anadya, misozi ili m'maso. Rumintsi anamuyang'anitsitsa kufikira atameza, kenako anaseka nakankhira chikwanje kumbali, pakuti sakanaganiza kuti mkulu wake angagawane chakudya ndi mdani.

"Aphunzitsi a masiku ano! Kuchita kudyetsedwa ngati khanda! Alamu, muonjezereni nyama asatikomokere pano."

Chakudya chitatha, a Kerua anamuperekeza okha kumsewu, Mayi Mande akutsatira pambuyo, akucheuka pa phazi lililonse. Minibasi itaima, bamboyo anagwira mnyamata paphewa.

"Usadzapondenso kuno. Kupemphera usaleke, koma upeze mpingo wina, ndipo mawa lomwe usadzaonekere pamsika."

Minibasi itazimirira pokhota, a Kerua anakhala pansi m'mbali mwa ngalande, dzanja lili pamimba.

"Mukumva kuwawa, abambo?" anafunsa Mayi Mande.

"Sindinayambe," anayankha. "Gwadani pompano, mayi, mundipempherere. Chikhulupiriro changa nchochepa, ndipo pobwerera tidutsa pachipata paja."