Botolo Lokana Kutayika

Zuhura anaima m'mphepete mwa mtsinje wa Pangani m'mamawa, botolo lopanda kanthu lili m'manja, akuunguzaunguza ngati wakuba nkhuku. Pabotolopo panali chithunzi cha mayi wonenepa atanyamula chipande, akumwetulira. Mayi ameneyu ndi amene ankaphika msuzi wotchuka wa Zuhura chikwatiwireni, ndipo Zuhura sankafuna kuti munthu wachitatu adziwe.

Zinayamba atangolowa m'banja. Apongozi ake, Bi Mwanamvua, anamupatsa kampando kopalira kokonati n'kumukhazika pansi tsiku lathunthu kumuphunzitsa msuzi wa kwawo: kupala, kufinya, mkaka woyamba pambali, wachiwiri pamoto, bwemba pang'ono, kutakasa osaleka. Zuhura anayesetsa ndithu, koma wake unkatuluka ngati madzi otsukira mbale. Komanso iye pokhala namwino woweruka miyendo itatupa, nthawi yopala kokonati angaipeze kuti? Tsiku lina anagula msuzi wophikaphika wa m'botolo n'kukhuthulira pa nsomba. Mwamuna wake Kibwana ananyambita zala mpaka kufuna kudziluma. Apongozi atalawa anatsinzina nati, "Dzanja langa lenileni." Kuyambira pamenepo njira yobwerera inatsekeka.

Tsopano Kibwana anali atawatengera onse awiri, mkazi wake ndi mayi ake, kuloji ina yogona alendo ya m'mbali mwa mtsinje, ati mayi ake akapumuleko phokoso la mu Tanga. Malowo anali abata: tinyumba ta udzu, magetsi a dzuwa, mbalame zokhazokha. Koma Bi Mwanamvua sanali munthu wopumula. Atangolawa chakudya choyamba anakankha mbale.

"Wophika wanuyu ndi wamtima wabwino, koma kokonati amamuopa," anauza mkulu wa pamalopo, Bwana Shemdoe. "Mawa mumupatse khitchini mpongozi wangayu, make Nuru, muone mmene anthu amaphikira."

Zuhura ankawadziwa apongozi ake, moti botolo anali atalikulunga kale m'nsalu pansi pa chikwama. Anatulutsa aliyense m'khitchini, ati chinsinsi cha banja sichiphikidwa pagulu. Alendo onse, ngakhale azungu oopa tsabola aja, anapukuta mbale ndi zala. Linatsala vuto limodzi lokha, botolo.

Kunyumba ankakatayira mabotolowo m'bini ya kuntchito, nkhani n'kutha. Kuno kunali Shemdoe, bambo wowonda wa maso akuthwa, amene zinyalala ankazidziwa ngati ana ake. Tsiku lofika lomwelo anawauza mwaulemu kuti, "Kuno sititaya kanthu. Makoko amapita kumanyowa, madzi osamba amapita kunthochi. Botolo kapena pulasitiki yobwera ndi mlendo imabwerera ndi mlendo."

Zuhura anaganiza kuti awa ndi mawu olandirira alendo chabe. Botololo analikwirira m'bini ya kukhitchini, pansi pa mitu ya nsomba. Madzulo analipeza pakhomo pa kanyumba kawo, lotsukidwa, lopukutidwa, mayi uja akumwetulira moposa kale. Mwayi wake, Kibwana anali akuliza nkonono pamkeka. M'chikwama sakanaliika, chifukwa mwamunayo ankapisamo tsiku lililonse kufuna masokosi amene anali atavala kale.

N'chifukwa chake anali pamtsinje m'mawa umenewu. Mtima unkamutsutsa, pakuti kuntchito iye yemweyo ankakalipira odwala otaya makoko a nthochi pansi. Koma anakumbukira maso otsinzina a apongozi aja, ndipo mantha anaposa manyazi. Anatseka chivindikiro mwamphamvu, monga amachitira munthu wozolowera mabotolo a mankhwala, n'kuliponya pakati pa madzi. Botolo lotsekedwa bwino silimira. Linayandama, n'kumapita pang'onopang'ono, mayi uja atayang'ana kumwamba.

Chimene Zuhura sanadziwe n'chakuti m'mawa uliwonse alendo ankakwera boti kukaona mbalame kumunsi kwa mtsinje, aliyense atapatsidwa kaukonde ka ndodo kowolera zinyalala. Tsikulo Kibwana ndi mayi ake anapita nawo.

Pa chakudya cha masana, pansi pa mtengo wa mango, Kibwana anafika chifuwa chili patsogolo. Munthu amene moyo wake wonse sanagwirepo ndi kansomba komwe, anaika botolo pakati pa tebulo ngati wapha ng'ona.

"Make Nuru, taona mwamuna wako. Ena onse awola mapesi, ine ndagwira ichi." Analitembenuza n'kuwerenga. "Msuzi wa kokonati wophikaphika. Ha, padziko pano pali akazi aulesi. Mwamuna wa mayi wotaya ichi ndikumumvera chisoni. Akudya zamufakitale, iye n'kumati ndakwatira."

Alendo anaseka. Zuhura anaweramira pambale yake ya mpunga.

Shemdoe anabwera, nanyamula botololo ndi zala ziwiri, n'kuliyang'anitsitsa padzuwa. Nkhope yake inali ya munthu amene mwana wake wamenyedwa.

"Mtsinje uwu tikumwa tonse," anayamba motsitsa mawu. "Ndipo chondipweteka n'chakuti botolo ili ndikulidziwa. Ndinalitsuka ndekha dzulo, ndekha n'kulisiya pakhomo pa kanyumba ka…"

"Ndi langa limenelo."

Onse anacheukira Bi Mwanamvua, amene anali akuchotsa minga pansomba yawo osadzutsa mutu.

"Lanu, Amayi?" anafunsa Kibwana.

"Ndimasungiramo mafuta opaka mawondo. Atha dzana. Landipulumuka m'mawa ndikutsuka mapazi. Kapena mufuna ndikuonetseni mawondowo pano, anthu akudya?"

Palibe anafuna. Shemdoe anayang'ana gogoyo, n'kuyang'ana Zuhura, kenako anameza ulaliki wake wonse pamodzi ndi malovu. Anapereka botolo ndi manja awiri.

"Pepani, Amayi. Likabwerere nanu."

"Libwerera nane. Ndipo iwe Kibwana, ukamanena akazi a eni ake kuti ndi aulesi, uziyamba wafunsa kuti ndi liti unapalapo kokonati. Bweretsa mchere uko."

Masana dzuwa litapendeka, Kibwana atabwerera pamkeka wake, Zuhura anawapeza apongozi pakhonde akuyang'ana madzi. Botolo linali pamwendo pawo. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, manyazi atamugwira moti sanathe kuwayang'ana kumaso.

"Amayi, munadziwa liti?"

"Kampando kaja ndinakupatsa, mano ake akadali akuthwa ngati kabwera dzulo kumsika. Ndikabwera kwanu ndimakaona. Munaikapo wailesi."

"Ndiye osandifunsa zaka zonsezi?"

"Ndikufunse kuti chichitike n'chiyani?" Gogoyo anausa moyo. "Amayi onse a kwathu ku Makorora ndinawauza kuti dzanja limeneli ndi langa. Pa ukwati, pamaliro, ndakhala ndikudzitama. Bi Tatu wa kuseri kwathu uja amatupa ndi nsanje, mpongozi wake ngakhale tiyi amapsereza. Ndiye lero zimveke kuti dzanja langa amagulitsa m'sitolo? Ukayaluka iwe, mwana wanga, ine ndisamuka mu Tanga."

Zuhura anaseka, misozi ikulengeza. Anali atanyamula manthawo kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano thupi linamupepuka mpaka kumva njala.

"Ndinayesetsa, Amayi. Msuzi wanu uja unandikanika."

"Unandikanika ndi ine ndemwe." Bi Mwanamvua anatsitsa mawu, n'kucheukira kumene kunkachokera nkonono. "Amayi anga ndiwo ankautha. Wanga malemu apongozi ako ankadya chifukwa choopa ine. Tsiku lija ndinatsinzina ndikulawa wako, ndinamva msuzi wa amayi anga, umene ndinali ndisanaulawe chimwalirireni iwo. Ndinadziwa kuti si iwe, koma si inenso. Ndinangoti kaya waphika ndani, Mulungu amudalitse."

Kutsidya, munthu wina ankapalasa bwato lodzaza ndi kokonati, kulowera kumsika. Gogoyo anapukuta nkhope ya mayi wa pabotolo uja ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kulilowetsa m'chikwama chawo cha m'manja, pakati pa mikanda yopempherera ndi mapiritsi a shuga.

"Koma mumtsinje usadzatayenso kanthu. Bambo wowonda uja wanena zoona."

"Ndamva, Amayi."

"Ndiye sitolo yake ndi iti?"

"Ija yoyang'anizana ndi siteji ya basi."

"Pobwerera tidzadutsire pamenepo. Udzatenge awiri." Anatseka chikwama n'kuchipanira kukhwapa. "Udzalowe ndiwe. Ine ndidzadikira panja, anthu amandidziwa."