Agogo a Kuntchito

Chisamba anali akupinda yunifolomu ya malemu amayi ake pamene galimoto inaima panja. Azakhali, amene maso awo amafooka pa singano koma osati pa galimoto za eni, anali atafika kale pawindo.

"Ndi a kuntchito kwa amako," anatero akukonza mpango. "Bisa makapu oduka zogwirira aja."

Maliro anali atatha, anthu atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. M'nyumbamo munatsala anthu atatu: Chisamba, telala wa pamsika, yemwe dzinali linamukakamira poti ndiye anali woyamba kubadwa, mlongo wake, yemwe anali mphunzitsi wa kupulaimale, ndi azakhali, amene anati atsala kuti athandize, ngakhale chomwe anathandiza kwambiri kunali kutsiriza shuga.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba za anthu. Zaka zomalizirazi anali kwa nkhalamba ina yodwala matenda oiwala. Ankaisambitsa, kuitembenuza, kuidyetsa, ndi kuchapa zofunda zimene ana ake enieni sakanazigwira ngakhale ndi ndodo. Pakhomo pano nkhalambayo inkangotchedwa agogo a kuntchito. Chisamba anali asanawaonepo, koma ankadana nawo ndi mtima wonse.

Wolowayo anali mwana wa agogowo, bambo wa imvi zongoyamba, wa nsapato zowala. Anakhala m'mphepete mwa mpando, makiyi a galimoto akuwatembenuza m'manja.

"Pepani, ndikudziwa kuti misozi sinaume," anatero. "Koma bambo sakudya. Chichokereni mayi aja, angomanga pakamwa. Tabweretsa namwino wa kukampani, koma akungomuyang'ana ngati wakuba."

"Mwawauza kuti amayi anatisiya?" anafunsa Chisamba.

"Ayi, tinaopa. Tinangoti ali pa tchuthi."

Mphunzitsi anaseka, kuseka kopanda mano. "Tchuthi! Ndiye kuti tchuthi chawo choyamba mwawapatsa atamwalira."

"Iwe, pakamwa!" anatero azakhali, koma m'maso munkaoneka kuti mawuwo awakomera.

Bamboyo anatembenukira kwa Chisamba. "Inu mayi, mumafanana nawo kwambiri, ngakhale mawu. Maso a bambo saonanso bwino. Ndimati mwina mutavala yunifolomuyo, mungolowa, muwadyetse. Adzayesa kuti abwerako. Tikulipirani ndithu."

"Monga munkawalipirira iwo?" Mphunzitsi anali ataimirira tsopano. "Ine malipiro achipongwe ndimawadziwa, achimwene, ndi amene ndimalandira. Mwezi usanafike pakati ndimayenda mozemba magolosale. Koma a amayi, ngakhale ine ndinkachita nawo manyazi. Namwinoyo mukumupatsa zofanana?"

"Zija zimasiyana. Ali ndi mapepala."

"Ndiye bambo anu adye mapepalawo."

Bamboyo sanakwiye, ndipo zimenezi zinamulanda mphunzitsi mphamvu.

"Sindikukana," anatero motsitsa mawu. "Tinawachepetsa. Iwo sankadandaula, ifenso tinazolowera. Koma bambo anga akufa ndi njala chakudya chili pamphuno."

Atachoka, mkangano unabuka. Azakhali ankati ntchito ndi ntchito, mwininyumba wofuna lendi sadziwa maliro, ndipo kuvala nsalu ya mayi wako si tchimo. Mphunzitsi ankati anthu aja anagula msana wa amayi motchipa, tsopano akufuna kubwereka ndi nkhope yomwe.

"Achemwali, mukapita kumeneko, ine ndi inu tathana," anatero.

Chomuwawa Chisamba sichinali cha ndalama. Iye anakula akumva chitseko chikutsekedwa kusanache, n'kumaona amayi akubwera atatheratu, akugona pampando nsapato zili kuphazi. Mlongo wakeyu anamulera ndi iye. Tsiku lolandira satifiketi ya maphunziro osoka, anzake anajambulitsa ndi amayi awo, iye anajambulitsa ndi chipupa. Ankaona ngati kufatsa konse kwa amayi kunkathera m'nyumba za eni, ndipo kwa ana awo ankangobweretsa kutopa. Chimene chinamulasa kwambiri chinachitika kuchipatala. Amayi, mpweya ukuvuta, anatsegula maso n'kumuyang'ana iye amene anali atawagwira dzanja. Chisamba anaweramira pafupi. Amayi anangofunsa kuti, "Agogo adya?"

Sanalankhulenso china. Funso limenelo linkamuyendera Chisamba m'mutu ngati udzudzu, ndipo ankalakalaka atawadzutsa amayi kamphindi chabe kuti awafunse ngati iye anali ndi malo mumtima mwawo.

Kutacha Chisamba anaika yunifolomu ija m'chikwama. Sanaivale. Anati akaibweza kwa eni ake, akamuona munthu amene anamulanda mayi, ndipo akamuuza zoona, adye asadye.

Nyumbayo inali yaikulu, ya geti lolira. Mwana wa agogo uja anamulandira ndi nkhope yowala, koma ataona diresi lake lakuda, kuwalako kunazima. Anamutsogolera m'kanjira ka m'nyumba. Chitseko chitatseguka, Chisamba anaima kaye. Chipindacho chinkanunkha sopo wa mankhwala ndi mafuta odzola, fungo lenileni la manja a amayi ake.

Munali bedi lachitsulo lokhala ndi zotchinga m'mbali, beseni pansi pake, ndi mpando wa matayala pafupi ndi windo. Pampandopo panali kamunthu kochepa, kovala jekete lalikulu, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Chisamba anadabwa kuti chidani chake chonse chija chinali pa kamunthu aka.

Namwino, mtsikana wa maso otopa, anali atakhala pambali ndi mbale ya mpunga wofewa.

"Mundithandize, mayi," ananong'ona. "Akapanda kudya anditaya, ndipo theka la malipiro anga amadya ndi a kampani. Amakuwa kuti ndibweretse masupuni awiri. Ndikabweretsa, ndikati ndiwadyetse, amatembenuza nkhope. Sindikudziwa kuti inayo ndi ya chiyani."

Nkhalambayo inatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Mwachedwatu lero," inatero. Kenako inatsinzinira, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ayi. Si inu."

"Ndine mwana wawo."

"Chisamba," anatero agogowo, ngati akutchula chinthu chodziwika kwa aliyense. "Wa makina uja. Wokwiya msanga."

Kukhomo kunamveka kupuma kwamphamvu. Bambo wa nsapato zowala uja anali atagwira pakamwa, pakuti panali patapita nthawi yaitali bambo ake akumufunsa kuti ndi ndani, nanga akufuna chiyani m'nyumba mwawo.

"Mwandidziwa bwanji?" anafunsa Chisamba.

"Ndingaleke bwanji? Kusamba, Chisamba. Kumeta ndevu, Chisamba. Makutu anga anatopa nawe, mwanawe. Amati unalera mlongo wako ukadali wofunika kuleredwa, ndipo iwo akakumbuka, tulo sabwera. Ndimati kamuuzeni mwini wake. Amati amachita manyazi, angayambe bwanji." Anakhosomola. "Ali kuti?"

Mwana wa agogo uja anapukusa mutu kukhomoko, maso akuchonderera. Chisamba anagwada pambali pa mpando wa matayala.

"Amayi anamwalira, agogo. Tawaika kale."

Nkhalambayo inayang'ana panja. Msozi unatsika n'kusochera m'makwinya a tsaya.

"Ndimadziwa," inatero. "Awa amandiyesa mwana. Mayi aja sangachoke osanditsanzika."

Chisamba analira pamenepo, kulira kumene sanalire kumanda. Anawasowa amayi ake kwambiri, ndipo zinamuwawa kuti mawu amene anawadikira moyo wake wonse anali akunenedwa tsiku ndi tsiku m'chipinda chino, kwa munthu woiwala, iye ali pamsika akupalasa makina.

Atakweza mutu anaona agogo akutambasula dzanja kumbale ija. Namwino anaisendeza msanga. Zala zouma zija zinagwira supuni imodzi n'kutapa mpunga pang'ono. Supuniyo inanyamuka ikugwedezeka, koma sinalowere kukamwa kwa mwini wake. Inabwera kwa Chisamba.

"Yasama," anatero agogo.

"Ayi agogo, idyani ndinu."

"Sitidya choncho muno. Amako amati sangadyetse munthu wamkulu ngati khanda, n'kumuchotsa ulemu. Ine ndimayamba kuwapatsa, kenako iwo amandipatsa. Timasinthana mpaka mbale ithe." Dzanja linali litayamba kutopa. "Fulumira mwanawe, nanenso ndili ndi njala."

Chisamba anayasama. Mpungawo unali wozizira, wosakolera mchere, ndipo wina unatayikira pa diresi lake lakuda. Anatafuna pang'onopang'ono, nameza. Kenako anatola supuni yachiwiri ija, natapa pang'ono, naika dzanja lina pansi pa chibwano cha nkhalambayo kuti pasatayike kanthu.