Mwana Wagwera Pobiriwira

Ine ntchito yanga yeniyeni ndi yautelala. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkasoka m'kachipinda kamodzi ndi mnzanga Singano, makina awiri moyang'anizana, mawondo kutsala pang'ono kugundana. Dzinali anam'patsa ndi makasitomala chifukwa cha pakamwa pake: akakulasa ndi mawu, ululu umaumva utafika kale kunyumba.

Njala ife tinaionera pa tepi. Anthu anasiya kubweretsa nsalu zatsopano, n'kumabwera ndi zovala zakale kuti tiwachepetsere m'chiuno. Bambo wina thalauza yake yakuda tinaichepetsa katatu. Kenako ochepetsawo anasiyanso kubwera, ankangomanga ndi chingwe. Tinkaswera kupukuta makina opanda fumbi.

Nditamva kuti bungwe lina likufuna anthu oyeza ana pachipatala chaching'ono, ndinapita, ndipo anandilemba chifukwa tepi ndimaidziwa. Singano anaseka mpaka kutsamwa. "Pita, dokotala wa masiketi," anatero. "Ukandiyiwale msanga, usachedwe."

Ntchitoyo ndi iyi. Mwana amakhala pamiyendo pa mayi ake, iwe n'kukulunga katepi pamkono, pakati pa phewa ndi chigongono. Katepiko kali ndi mitundu itatu. Kakagwera pofiira, mwana amagonekedwa. Pachikasu, mayi amalandira mapaketi a ufa wa phala. Pobiriwira timati mwana ali bwino, mayi n'kubwerera chimanjamanja. Apa ndiye mutu wanga unkaima. Ndikanena nkhani yabwino, amayi ankagwetsa nkhope. Ndikanena yoipa, ankandithokoza ndi manja awiri. Nditafunsa anamwino aakulu, anangoti, "Amayi, inu yezani basi. Osakoka, osalekerera."

Lachitatu lina m'mawa, ndikudzutsa mutu kuti ndiitane wotsatira, ndinaona Singano pabenchi, atanyamula mwana wake womaliza, kamtsikana ka zaka zitatu. Panali patapita miyezi iwiri tisanaonane, ndipo manyazi anandigwira. Diso lautelala silimva kuletsa: diresi lake linali ndi misoko iwiri yatsopano m'mbali, wina pamwamba pa unzake. Anali atadzichepetsera yekha.

"Adokotala, tabwera," anatero pokhala pampando. "Kapena tiyambe tagwada?"

"Iwe, usandiyambe pano, ndili pantchito."

Kamtsikanako kanandizindikira, n'kutambasula mkono kokha kakuseka. Ndinakulunga tepi. Pobiriwira. Kungodutsa pachikasu pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Ndinamasula, n'kuyezanso. Pobiriwira pomwepo.

Chala changa chinafuna kukoka. Kukoka pang'ono, ndani akanaona? Koma aliyense wogwera pachikasu anamwino amamuyezanso okha, ndipo anali patebulo lapafupi, magalasi ali pamphuno. Komanso mapaketi a tsikulo anali ochepa kuposa anthu a pabenchi. Kumbuyo kwa Singano kunali mayi wina, mwana wake mutu uli lende paphewa. Ndinakwiya, koma woti ndimukwiyire sindinamuone.

"Ali bwino," ndinatero. "Ukumusamala bwino, mnzanga."

Singano anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ali bwino?"

"Tepi ikutero."

"Ukudziwa chimene chamufikitsa pobiriwirapo? Mbale yanga. Ine ndimadya akasiya, ndiye sasiya. Dzulo ndagwa pampopi, anthu n'kumati ndi malungo." Ankalankhula motsitsa, akukonza kolala ya mwanayo. "Ndiye ndinalakwa kumudyetsa eti?"

"Ayi, sunalakwe."

"Nanga bwanji akundilanga?"

Pa maphunziro a ntchitoyi anatiuza kuti pobiriwira ndi chipambano, tinaomba m'manja kumene. Chipambanocho chinali pamaso panga, milomo itauma, chikugwira tebulo kuti chisapendame. Tepi ya mayi woyamwitsa ilipo, koma mwanayu anasiya kuyamwa kalekale. Ya mayi wongokhala ndi njala palibe.

"Madzulo ndidutsa kwanu ndi kaufa," ndinanong'ona.

"Uli ndi ana anayi, apongozi ako, ndi mlamu wako uja wodya ngati akulipidwa. Ubweretsa kamodzi, kawiri, kenako uzindizemba pamsewu. Sindikufuna kukutaya chifukwa cha ufa."

"Amayi, mzere!" anatero anamwino osadzutsa mutu.

Singano anaimirira pang'onopang'ono, n'kuberekera mwana kumbuyo. Pomanga nsalu anawerama mpaka pakamwa pake panafika pakhutu langa. Ndinkayembekezera chipongwe, ndipo ndikanachilandira ndi mtima wonse. Koma mawu ake anali ofatsa, ngati tikukambirana za siketi ya kasitomala.

"Iwe ndiwe telala, kuchepetsa umakudziwa. Tandiuza zoona. Ndimumane masiku angati kuti afike pachikasupo?"

Ndinafuna kumukalipira, kumugwedeza, kumuuza kuti wapenga. Koma chimene chinandiopsa n'chakuti yankho ndinali nalo. Ndinali nditayeza timikono mazanamazana, ndipo mutu wanga unali utawerengera kale ndisanaulole. Mwanayo ankandibayibitsa ali kumbuyoko.

"Ubwere naye Lachitatu likubwerali," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kutuluka. Ndinaitana wotsatira. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndinangomuuza tsiku loyeza ana, kapena ndinamuyankha funso lake.