Tinayeserera Kupakula Katatu

Ndaphika pa maukwati zaka khumi ndi zinayi, ndipo munthu ndimamudziwa ndi kagwiridwe kake ka mbale. Pali opendeketsa mbale kuti nyama ithawire kumbali ioneke yochepa. Pali obwera kachiwiri atavula jekete kuti tisawazindikire. Pali azimayi a zikwama zikuluzikulu zimene zimalowa zopepuka n'kutuluka zikudontha msuzi. Zonsezi ndinazizolowera. Amene ndinali ndisanakumanepo nawo ndi mayi a mkwatibwi onga amene analowa m'khitchini mwanga Lolemba lina m'mawa, ine ndikusenda anyezi, n'kukhala pa ndowa osadikira mpando.

"Mayi wophika," anatero, "ine zokoma sindikuzifuna. Ndikufuna chakudya chosatha."

Ndinawauza kuti tiphikira anthu mazana awiri amene aitanidwa, n'kuwonjezera cha ena makumi atatu, chifukwa ukwati uliwonse uli ndi alendo amene sanaitanidwe ndi wina aliyense. Anapukusa mutu, ndiye n'kundiyalira nkhani yonse. Pa ukwati wawo, zaka makumi atatu zapitazo, nkhuku inatha mlongo wa amuna awo atangofika pa poto. Anamupakulira mpunga ndi msuzi, pamwamba n'kusanjikapo khosi. Alamu awowo, amene tsopano ndi azakhali a mkwatibwi, nkhaniyi sanaitaye mpaka lero. Amaifotokoza m'basi, pa maliro, ngakhale kuchipatala akapita kokaona odwala. Atamva za ukwati wa mwanayu anangofunsa kuti, "Tidzabwere titadyeratu kunyumba, alamu?"

"Zimandiwawa," anatero mayiwo, misozi ili lengelenge. "Mwana wanga asadzasenze manyazi amene ndasenza ine."

Ndinawamvera chisoni, sindikunama, ndipo chisoni chimenecho ndi chimene chinanditseka pakamwa pamene anayamba kulankhula zosamveka.

"Inu mukudziwa bwanji kuti chakudya cha anthu mazana awiri chikwana mazana awiri awawa? Abale a amuna anga simukuwadziwa. Akwaya amayeserera nyimbo, aperekezi amayeserera kuvina. Nanga chakudya chokha bwanji sichiyeserera?"

Ndinati tikhoza kuyesa mzere ndi mbale zopanda kanthu, tione m'mene ukuyendera.

"Mbale yopanda kanthu siionetsa khalidwe la munthu," anatero. "Muphike zenizeni. Ndipo odya akhale omwewo, chifukwa mimba ya munthu wina singayimire mimba ya alamu anga."

Kunali kutatsala masabata anayi. Loweruka loyamba tinanyamula mapoto kupita ku holo yodzachitikira ukwatiwo, ya matebulo ogwedera, yoti pansi pa mwendo uliwonse uyenera kupinda kachikatoni. Mkwati ndi mkwatibwi amagwira ntchito kutali, ndipo mayiwo anati asawasokoneze ndi zazing'ono. Koma panafunika anthu okhala pa tebulo lapamwamba kuti tiwerenge mphindi zochokera podula keke kufika potsegula mapoto. Anasankha Anasopo, mayi amene amanditsukira mbale, wa zidzukulu zisanu ndi chimodzi, n'kumufunditsa katani yoyera ya m'holomo. Pambali pake anakhazikapo dalaivala wa galimoto yathu yonyamula mapoto.

Alendo anabwera onse, atatchena, pakuti palibe amene amapita kokadya mu holo atavala zogwirira ntchito. Wina anabwera ndi sipika. Pofika masana anthu anali akuvina, ndipo azimayi ena anali akulira poona Anasopo akudyetsa dalaivala keke. Chakudya chinakwana, n'kutsala mpunga theka la poto ndi nthuli za nkhuku khumi ndi imodzi. Ine ndinapuma, n'kumati zatha.

Azakhali aja anadya ntchafu ziwiri, natokosa m'mano mosafulumira. "Lero zatheka, alamu, chifukwa anthu abwera atamwa tiyi kunyumba. Pa tsiku lenilenilo amachokera kutchalitchi, m'mimba mukulira."

Mayi a mkwatibwi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

Loweruka lachiwiri alendo anawauza kuti asadye kanthu m'mawa. Anawatsekera m'holo maola atatu, n'kupereka maikolofoni kwa amalume ena okonda kulankhula, kuti njala ifike pamene imafikadi. Amalumewo anayambira nkhani tsiku limene anabadwa. Titatsegula mapoto, anthu anabwera ngati nkhuku zoona chimanga, komabe chakudya chinakwana. Tsiku limenelo kunabwera wojambula zithunzi, sindikudziwa anamuitana ndani. Anasopo anabwera ndi magolovesi akeake oyera, ndipo analandira mphatso za ukwati: maketulo awiri ndi bulangeti. Lolemba lake anakana kutsuka mapoto amafuta, akuti manja ake akuchira.

Azakhali anachoka atanyamula ka phukusi, koma pakhomo anatembenuka. "Nanga poto atagwa, alamu? Nanga kutabwera osaitanidwa?"

Apa ndinalankhula. Ndinati, "Mayi, ndapota nanu, ukwati sauphika kanayi. Anthu mwawaona, mimba zawo mwaziyeza. Kwatsala n'kukagona basi."

"Mayi wophika, inu simunanyozedwepo chifukwa cha khosi la nkhuku."

Ndinayenera kukana, ndikuvomera. Koma Loweruka lachitatu ndinapezeka ndilinso m'holo muja ndi epuloni yanga. Mayiwo anali atatumiza uthenga mumsewu wonse kuti osaitanidwa onse akuitanidwa kuti adzabwere mosaitanidwa. Anabwera okonza njinga, ometa tsitsi, ndi bambo wina amene anangotsika basi ataona mzere. Mzere uli pakati, mayiwo anakweza dzanja, ndipo amalume aja anakankha poto wa nyama ya ng'ombe dala, monga anapanganirana. Nyama imene ndinaiyang'anira kuyambira m'bandakucha inayenderera pa simenti mpaka pansi pa tebulo lapamwamba. Ndinakwiya kwambiri moti ndinatuluka panja kukatukwana khoma. Koma tinali ndi poto wina wobisa kuseri kwa chitseko, ndipo aliyense anadya, mpaka bambo wa basi uja.

Azakhali anafunafuna cholakwika, osachipeza. Anangoti, "Mwayesetsa, alamu." Mayi a mkwatibwi anandikumbatira, akununkha utsi ndi anyezi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akuseka mano onse ali pamtunda.

Tsiku la ukwati weniweni tinaphika ngati tikudyetsa msika. Pofika khumi ndi ziwiri koloko mapoto anali pa mzere, opakula atavala zoyera, mipando mazana awiri itavekedwa nsalu. Nthawi yolowa alendo inakwana. Ndinawerenga mitu, ndinabwerezanso. Analipo anthu khumi ndi asanu ndi anayi, kuphatikizapo abusa ndi makolo a mkwati, amene ankangoyang'ana uku ndi uku.

Mayi a mkwatibwi anayamba kuyimba mafoni, ataima pafupi ndi ine moti mayankho ndinkawamva.

"Ukwati uti? Si tinadya kale uja?"

"Pepani, ine masabata atatu ndakhala ndikutseka shopu. Lero ayi."

"Tinasangalala zedi, mayi. Mwana wanu ndi wachikulire ndithu, koma ndi waulemu."

Pomaliza anaimbira azakhali. Amene anayankha ndi amuna awo: akuti mayi agona, mwendo watupa, ndipo adokotala awaletsa nyama ndi zamafuta kwa miyezi itatu.

Nyimbo inayamba kulira, ikumveka kawiri chifukwa m'holo munalibe matupi oimeza. Mkwatibwi analowa atagwirana mkono ndi mwamuna wake. Kanali koyamba ine kumuona. Anali mtsikana wamtali, wa nkhope yofanana ndi ya mayi ake, ndipo anayenda pang'onopang'ono pakati pa mipando yopanda anthu, akuyang'ana mzere uliwonse ngati akufunafuna amene wabisala. Anthu khumi ndi asanu ndi anayi aja anayesetsa kululutira, koma holo inali yaikulu. Ine ndaona maukwati ogwa mvula, ndaona keke itagwera pa abusa, koma sindinamvepo chisoni chonga cha tsiku limenelo.

Itafika nthawi ya chakudya, mayiwo anandilanda chipande n'kuima okha kuseri kwa poto wa nkhuku. Tinavundukula mapoto onse, nthunzi inakwera mpaka kudenga. Palibe anadzuka. Alendo ochepawo ankachita manyazi kuyamba, ndipo ambiri mwa iwo mpunga wanga anali atatopa nawo.

Ndiye mkwatibwi anadzuka pa tebulo lapamwamba, nanyamula diresi lake ndi dzanja limodzi kuti lisakwekwerezeke pomwe panali banga la nyama ija. Anatenga mbale pamwamba pa mulu wa mbale mazana awiri, nabwera kudzaima kutsogolo kwa mayi ake.

Mayiwo anayang'ana mbaleyo. "Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "ukwati wako ndaudyetsa anthu usanafike."

Mtsikanayo sanaseke, sanalirenso. Anangotambasula mbale.

"Pakulani, amayi. Mwa abale athu onse amene munaitana, amene sindinalawe ndine ndekha."

Anamuikira ntchafu. Anaikanso ina, kenako chidali, kenako mpunga. Mbale inadzaza, mpunga unayamba kugwera pa nsalu yoyera ya patebulo, koma mayiwo ankangopakulabe, ndipo mwana wawo sananene kuti basi. Ine ndinawasiya awiriwo, n'kupita kukazimitsa moto pansi pa mapoto enawo.