Belu Lomwe Silinalire mu 1943

"Filimu imeneyi ilibe cholakwika, ngakhale batani limodzi," anatero a Crispulo Abadilla, mphunzitsi wopuma ntchito, ali pampando wanga wometera. "Akuluakulu a filimuyi ochokera kulikulu ku Manila ankafunsa ine chilichonse. Wina akapezamo bodza, Nonoy, udzandimete ndevu zapamlomozi anthu akuona."

Ndinangoti chabwino aphunzitsi, n'kupitiriza kumeta. Ndevuzo anazisunga zaka makumi atatu, ndipo ankayamba azipesa asanayankhe funso lililonse lokhudza mbiri ya tauni yathu.

Filimuyo inali yoseketsa, ya nthawi ya nkhondo ya Ajapani, yojambulidwa kwathu konkuno. Anaionetsa Loweruka masana muholo ya sukulu. Tinaona msilikali wa mu 1943 atavala patapata zapamsika pathu pano, mayi akutunga madzi m'ndowa ya pulasitiki, ndi mawaya a magetsi amene anafika ine ndili kale ndi ana. Anthu ankaseka. A Crispulo ankagwedeza mutu, poganiza kuti akusekera nthabwala.

Kenako wansembe wa mufilimu anakodwa mwendo m'chingwe, belu la tchalitchi n'kulira mpaka asilikali kubalalika. Holo yonse inafa ndi phwete, kupatula mayi Pacing Villaruel, ogulitsa nsomba zouma. Iwo anangodzuka n'kutuluka.

Lolemba mayi Pacing anatulukira kometera kwanga, a Crispulo ali pampando, anthu asanu akudikira.

"Aphunzitsi, belu lija linalira bwino eti?"

"Zija ndi nthabwala chabe, mayi."

"Mu 1943 m'tchalitchimo munalibe belu. Bambo anga analikwirira m'munda wa mpunga kuti Ajapani asalisungunule. Ajapaniwo anawamenya masiku atatu, sanaulule, anafera pomwepo. Inu mumadziwa. Munabwera kwathu ndi kope lanu, ine ndinakuphikirani khofi."

"Ndinawauza a filimuwo," anatero a Crispulo chapansipansi. "Anati popanda belu palibe choseketsa."

"Nanga dzina lanu lija kumapeto, la zilembo zikuluzikulu, munawauzanso kuti alichotse?"

A Crispulo anakweza dzanja kuti apese ndevu, n'kulibwezanso.

"Patapata zija tinakukhululukirani," anatero mmodzi mwa odikira. "Ndowanso."

A Crispulo anatsinzina. "Meta, Nonoy."

Sizinatenge mphindi ziwiri. Kunsi kwake kunali mlomo wamba, waung'ono ndithu. Mayi Pacing anauyang'ana, n'kuyang'ananso titsitsi tomwe tinagwera pansi. Ananyamula dengu lawo.

"Ndi zokhazi basi?" anatero.