Mtsuko Umene Gocha Anatsegula

Tsiala atangopalasa mchenga pamwamba pa mtsuko wachitatu, anadziwa kuti wina anali atafikapo kale. Dongo limene iye anamatira chivundikiro cha mwala mu Okutobala linali litaswedwa, n'kupakidwanso mwachisawawa. Anakankha mwalawo n'kusuzumira. Vinyo anali atatsika mpaka theka, pamwamba pake pakuyandama nkhungu yoyera. Ankanunkha viniga.

Amene anakwirira mitsuko ikuluikulu imeneyi pansi mpaka m'khosi anali agogo ake. Chimwalirireni bambo ake, Tsiala ndiye ankadulira mpesa, kuponda mphesa ndi kulowa m'mitsukomo kukaikwecha ndi khungwa. Mlongo wake wamng'ono, Gocha, ankagwira ntchito mumzinda wa Tbilisi, ndipo kumudzi ankangofika pa zikondwerero.

Tsikuli Gocha analipo, ndipo Tsiala anamupeza pakhonde akudya tchizi ndi buledi wamoto, amayi awo a Lamara akumuwonjezera m'mbale.

"Iwe Gocha, mtsuko wachitatu unautsegula liti?"

Gocha anapukuta pakamwa. "Mu Januwale, achemwali, muli kuchipatala ndi msana uja. Mwana wa abwana anga ankakwatira. Ndinangotungako pang'ono."

"Theka la mtsuko ndiye pang'ono?"

"Koma ndinatsekanso bwinobwino."

"Unatsekera mpweya m'katimo. Unakulira pakhomo pano, sudziwa zimene mpweya umachita ndi vinyo? Ukanandiuza, wotsalayo ndikanamusamutsira mumtsuko waung'ono."

"Mukanakana."

"Ndikanakanadi. Anali asanakhwime."

"Komatu anthu anamukonda," anatero Gocha akumwetulira. "Abwana anachita kuimirira, n'kunena kuti manja anga ndi odalitsika."

"Manja ako," anatero Tsiala. "Manja osadziwa ngakhale kumene timapachika lumo lodulira."

"Usamulalatire mlongo wako ngati mbala," anatero a Lamara. "Ndi mwana wamwamuna wa nyumba ino. Dzina lili pa mabotolo a vinyo wathu ndi lakenso."

Tsiala anatsika kumitsuko kuja, ndipo pobwerera anali atanyamula nyanga yomwera ya bambo awo, yodzaza ndi vinyo wosasayo. Nyanga imeneyo munthu saiika pansi isanathe.

"Imirira," anauza Gocha. "Unakasangalatsa alendo, lero umwe ndi abale ako. Tikumbukire bambo, ndi mpesa umene anatisiyira."

Dzina la malemu likatchulidwa, palibe amene amakana nyanga. Gocha anaimirira. Atangomeza kamodzi anatsokomola, misozi n'kulengeza m'maso. Anayang'ana amayi ake, koma iwo anali atamva kale fungolo, ndipo nkhope yawo inali itasintha. Gocha anamwa pang'onopang'ono mpaka nyanga inatha.

"Bweretsa kiyi wa kumitsuko," anatero Tsiala.

"Amayi, mukumva zimenezi?"

A Lamara anatenga nyanga ija, naviika chala m'dontho lotsala, nalawa.

"Zaka makumi anayi ndakhala pakhomo pano," anatero motsitsa mawu. "Bambo ako sanataye mtsuko ngakhale umodzi, ngakhale chaka cha matalala chija. Mpatse kiyi."

Gocha anachotsa kiyiyo pa makiyi a galimoto yake, n'kumuika patebulo. Tsiala anamuponya m'thumba la epuloni.

A Lamara anachotsa mbale ya tchizi pamaso pa mwana wawoyo.

"Kavule nsapato za mutaunizo," anatero. "Mtsukowo ukufunika kuukhuthula ndi kuukwecha, ndipo msana wa mlongo wako sunapole."